Tsiku limene ndinawaletsa ababa kufunsa mafunso

Ababa anali munthu wa mafunso. Si kuti ankafunsa pofuna kudziwa ayi, mayankho anali nawo kale, kapena ankayesa kuti ali nawo. Munthu ukangolowa pabwalo pathu ku Chiringa, usanatule n'katundu yemwe, iwo ankatsitsa wailesi pang'ono n'kunena kuti, "Imani kaye pomwepo. Kodi namgumi ndi nsomba kapena nyama?" Wogulitsa matemba wochokera kunyanja ya Chilwa ankafunsidwa. Mkulu wa mpingo wobwera kudzazonda odwala ankafunsidwa. Munthu akadandaula kuti akufulumira, iwo ankangoti, "Safunsa anadya phula," ngakhale kuti wofunsayo anali iwo eni.

Sukulu sanapite nayo patali. Nzeru zawo ankatola paliponse ngati nkhuku: pa wailesi ya mabatire imene inkakhala pachifuwa pawo ngakhale kumunda, pa zidutswa za nyuzipepala zokulungira sopo kugolosale, ndi pakhomo pa nyumba yoonetsera kanema pamsika. M'nyumbamo sankalowa, ankati ndi za ana, koma ankaima panja n'kumamvetsera mpaka filimu ithe, kenako n'kubwera kudzatifotokozera nkhani yonse ngati anaiona ndi maso. Ankadziwa kuti anthu anapondapo pamwezi, kuti mphezi umayamba kuiona usanaimve, kuti gitala wa nyimbo za ku Kongo amalira mosiyana ndi wa kuno. Ankadziwa njira imene makolo athu anadzera pothawa Apwitikizi, ndi mmene anakagwera m'thangata la minda ya tiyi. Koma zina ankaphonya kwambiri, ndipo pophonyapo ndi pamene ankalimbira mawu. Mpaka lero sindinakwanitse kuwachotsa m'mutu zoti anthu a karate a m'mafilimu amaulukadi chifukwa sadya mchere, ndiponso zoti Chilwa amaphwa chifukwa pansi pake pali dzenje lokatulukira kunyanja yaikulu.

Ine mafunsowa ankandichititsa manyazi. Ndinabadwa wosakhazikika, ndimafuna chinthu chichitike n'kutha, ndipo kuimitsidwa pakhomo ndi ndowa pamutu kuti nditchule likulu la dziko limene sindidzapitako kunkandiwawa mpaka m'mano. Ndinkayankha molondola ndiponso mwachangu, kuti ndidutse. Ababa ankagwedeza mutu, nkhope itagwa pang'ono, n'kukweza wailesi. Nthawi imeneyo sindinkadzifunsa chifukwa chake munthu akhumudwe mwana wake atakhoza.

Amayi ndiwo anali osiyana. Iwo ankalakwa funso lililonse. Ankakhala pamkeka akusenda nandolo kapena kusankha kalongonda, ababa n'kufunsa za namgumi uja, iwo osadzutsa n'komwe mutu n'kuti, "Nsomba, nanga si amakhala m'madzi." Apo ababa ankadzuka pampando, nkhope ikuwala. "Mwalakwa, amayi! Amayamwitsa ameneyo!" Ndiye ankayamba kufotokoza, manja ali m'mwamba, akuzungulira bwalo, mpaka nandolo kutha m'lichero. Mwezi wotsatira funso lomwelo, yankho lomwelo. Ine ndinkaluma mano n'kumati mumtima, mayi anga awa mutu wawo ndi sefa, mungathiremo madzi chaka chonse.

Munthu amene mafunsowa ankamunyansa kuposa ine anali amalume, mchimwene wawo wa amayi. Iwo ndiwo anali mwini mbumba, mlimi wa mpunga kudambo la Chilwa, munthu wa mawu ochepa ndi nkhope yosasekerera zachabe. Ababa anali mkamwini chabe, anachokera ku Mkhumba kudzakwatira pamudzi wa amayi, ndipo nyumba, munda ndi ife ana tonse tinali a kuchikazi. Chidani chawo chinayamba ndili wamng'ono, pa phwando lina titakolola. Amalume anayang'ana kumwamba n'kunena kuti anthu azinyamuka, dzuwa lazungulira. Ababa sanapirire. Anatola dzungu, n'kuwaimika amalume pakati pa bwalo kuti akhale dzuwa, iwo n'kumawazungulira ndi dzungu lija uku akulitembenuza, pofuna kuonetsa kuti limene limayenda ndi dziko. Anthu anaseka mpaka ena kugwa pamipando. Amalume sanaseke. Anangoti, "Alamu, mlendo sauza eni mudzi kumene dzuwa lawo limalowera," n'kutenga njinga yawo. Kuyambira pamenepo akabwera kwathu ankapereka moni ali chiimire.

Zaka zinapita, ine ndinakhala mphunzitsi, ndinatumizidwa kusukulu ina kutali ndi kwathu. Mafoni anabwera n'kuwalanda ababa ntchito. Achinyamata a m'mudzi akafunsidwa ankangopisa m'thumba, kudinadina, n'kuwerenga yankho lonse, lina loposa limene ababa ankadziwa. Pagolosale anaika kanema wa sola, mpira anthu ankaonera okha, panalibenso wodikira kuti ababa adzawauze amene wagoletsa. Wotsala anali mmodzi, amayi, ndi nsomba yawo ija.

Amayi anamwalira m'nyengo ya mvula, atadwala masabata ochepa. Za malirowo sindinena zambiri. Koma chimodzi ndiyenera kunena. Tsiku lometa, anthu ali duu pabwalo, ababa anatembenukira kwa bambo wina amene anakhala pafupi nawo n'kumufunsa kuti mpira wa dziko lonse umaseweredwa pakapita zaka zingati. Sanakweze mawu, koma pamaliro mawu aang'ono amamveka patali. Bambo uja anayang'ana pansi. Ndinaona amalume akuwayang'anitsitsa ababa nthawi yaitali, kenako anadzuka n'kupita kuseri kwa nyumba. Mtima wanga unagwa pomwepo.

Chifukwa chake n'chakuti kutsogolo kunali kusudzula. Kwathu mkazi akamwalira, pakapita miyezi abale a mbali zonse amakumana kuti amumasule mwamunayo. Akhoza kuuzidwa kuti akhale asunge ana, akhozanso kuuzidwa mwaulemu kuti ntchito yatha, abwerere kwawo. Ife ana tinali titakula kale, panalibe woti asungidwe. Ndipo kwawo kwa ababa kunali dzina chabe. Ku Mkhumba makolo awo ndi alongo awo onse anali kumanda, kunatsala mwana wa mlongo wawo amene ankangowaona pa maliro, ndi msuweni wina wokalamba amene anali nkhoswe yawo. Nyumba kunalibe. Munthu wa imvi akanakayamba kugona m'khitchini ya eni ake. Woweruza nkhaniyi anali amalume, munthu amene ababa anamuimika pabwalo ngati dzuwa.

Miyezi imeneyo sindinakhale pansi. M'kalasi ndinkalemba pabolodi n'kuiwala chimene ndimalemba. Loweruka lililonse ndinkakwera minibasi kenako kabaza mpaka ku Chiringa, ndikafika ndinkasowa chochita, ndinkasesa posesa kale, Lamulungu n'kubwerera mtima uli m'mwamba. Ndinapita kwa azakhali aang'ono, mng'ono wawo wa amayi, kukafufuza maganizo a amalume, iwo anati mchimwene wawo sanena kanthu. Ndinaganiza zowatenga ababa kukakhala nawo kusukulu, koma nyumba ya mphunzitsi ndi zipinda ziwiri za boma, ndipo iwo atamva anati, "Ndikasiye manda a amako ndi ndani?" Ndinkawerengera m'mutu anthu onse amene ababa anawachititsapo manyazi ndi mafunso, ndipo mudzi wonse unkakwana.

Madzulo a tsiku loti mawa ndi msonkhano ndinawapeza pakhonde akupukuta wailesi ndi nsonga ya malaya. Ndinagwada pafupi, koma mawu anga sanali a munthu wogwada.

"Ababa, mawa ndikupempheni chinthu chimodzi. Musafunse funso. Ngakhale limodzi."

"Nanga ndifunsa ndani, mayi?"

"Musatero, ndikukudziwani. Ndiponso musakonze munthu. Akanena kuti mbuzi ili ndi mapiko, inu muvomere. Akanena kuti phiri la Michesi lili ku Joni, inu muti inde. Mungokhala chete, muyang'ane pansi, asiyeni ankhoswe alankhule. Mwamva?"

Anandiyang'ana ngati mwana wolandidwa chimanga chootcha. "Ndamva, mayi."

Sindinakhutire. Ndinawalanda wailesi ija n'kukaibisa m'thumba la chimanga, poopa kuti angaitenge kumsonkhano. Sanalimbane nane, anangotsala atagwira nsonga ya malaya ija.

M'mawa mwake anthu anasonkhana pansi pa mango kwa azakhali. Amuna pamipando, ife akazi pamikeka chapatali pang'ono. Msuweni wa ababa anafika pa njinga kuchokera ku Mkhumba, fumbi mpaka m'nsidze. Anapemphera, ankhoswe anapatsana moni wautali, anakumbutsana mmene ukwatiwo unayambira ndi mmene unathera. Ababa anakhala monga ndinawauzira, manja pa mawondo, maso pansi. Ndinapuma pang'ono, ndikuti zikuyenda.

Kenako amalume anasiya ankhoswe n'kulankhula ndi ababa mwachindunji.

"Alamu, mwakhala nafe pano kuyambira muli mnyamata. Lero tikukumasulani. Koma tisanagamule, timve kwa inu. Mtima wanu uli pati?"

Ababa anandiyang'ana ine kaye, kamphindi chabe, n'kubwezera maso pansi. "Zili kwa inu eni ake."

"Eni ake tamva. Koma inuyo mukuti bwanji?"

"Chimene munganene, ine ndivomera."

Azakhali anandiyandikira n'kunong'ona kuti, "Iii mwanawe, munthuyu mtima unapita kale kwawo. Alamu ndi oti angakhale chete chonchi? Tisawamange, atopa nafe." Kumbali ya amuna ndinamva wina akunena zomwezo. Msuweni uja anakonza kukhosi n'kuyamba kufotokoza kuti katundu si wambiri, njinga ziwiri zikwana, ndipo mwana wa mlongo wa ababa uja akhoza kuwatchingira kambali ka khitchini ndi mphasa.

Anthu awa anamudziwa munthu wolongolola moyo wawo wonse, lero akumuona ali duu, akuyesa akutsanzika. Ndinkafuna kuimirira n'kukuwa kuti ndine ndawatseka pakamwa, koma mwana wa malemu salowerera ankhoswe akulankhula, ndipo ndikanatero ndikanawanyozetsa ababa kuti akulamulidwa ndi mwana wamkazi. Ndinayamba kuzula mlaza wa mkeka umodziumodzi. Ndinatsokomola kuti andiyang'ane, koma iwo anasunga lonjezo lawo bwino kwambiri, maso sanachoke pa zala za kumapazi.

Amalume anakhala nthawi akukanda chibwano. Kenako anaimirira, chinthu chimene sachita kawirikawiri polankhula.

"Chabwino," anatero. "Munthu sakakamizidwa. Ulendo uli ndi pothera. Ngakhale dzuwa limene lija, limadzuka m'mawa, limazungulira dziko tsiku lonse, madzulo limabwerera kwawo."

Ndinaona phewa la ababa likugwedezeka. Sanadzutse mutu.

Amalume anapitiriza, tsopano mokweza. "Ndikunena kuti dzuwa limayenda. Dziko lili phee pamalo amodzi ngati mwala wa mphero, dzuwa ndilo limazungulira. Ana a sukulu amene muli pano mumve, musadzanamizidwe."

Zala za ababa zinayamba kugogoda pa bondo. Milomo inkayenda popanda mawu. Ine sindinkadziwanso chimene ndikupempherera, kuti apirire kapena alephere.

"Ndipo usiku," amalume anatero akuyang'ana ababa m'maso, "limalowa m'madzi a Chilwa kukazizira, n'chifukwa chake m'mawa limatuluka lofiira."

"Iyayi!" Ababa anali ataimirira kale, mpando unagwa chagada. "Iyayi, alamu, zimenezo ndiye ayi! Mundithamangitse ngati mukufuna, koma ana musawaphunzitse bodza. Limene limazungulira ndi dziko! Ndinakuonetsani ndi dzungu pabwalo pompano, simunamvebe? Dzuwa lingakwane bwanji mu Chilwa, nyanja yoti imaphwa anthu n'kumayendamo ndi njinga?"

Mawu anatuluka ngati madzi a mu mpopi umene unatsekeka nthawi yaitali. Anayang'ana uku ndi uku kufuna chozungulira nacho, anatola mango yaiwisi imene inagwa, n'kuyamba kuwazungulira amalume pamaso pa ankhoswe ndi mbumba yonse. Ine ndinaphimba nkhope ndi chitenje, ndikuti basi, zatha, akamange katundu. Pakati pa ulendo wachiwiri wozungulira anaima, anakumbukira, anandiyang'ana ndi mantha. Mango ija inali idakali m'mwamba.

Ndipo ndinamva chinthu chimene ndinali ndisanamvepo, amalume akuseka. Kunali kuseka kokhala ngati chifuwa, kwa munthu wosazolowera. Azakhali anayamba kuseka nawo uku akupukuta misozi.

"Eya, alamu anga ndi amenewa," anatero amalume. "Uja anakhala apa m'mawa wonse sindikumudziwa. Tsopano ndifunsenso. Mtima wanu uli pati?"

Ababa anatsitsa mango ija. Mawu anatuluka aang'ono. "Ndipite kuti ine? Mkazi wanga ali apo. Ku Mkhumba ndikadziwa ndani?"

"Ndiye khalani. Nyumba ndi yanu mpaka tidzakunyamuleni, munda wa kumtunda muzilima. Asuweni, pepani mwavutika ndi njinga."

Anthu atayamba kubalalika ndinapita kukagwada kwa amalume kuti ndithokoze. Sanandilole kumaliza.

"Ndiwe unawatseka pakamwa, eti?"

Ndinavomera.

"Ndinaona mmene ankakuyang'anira. Ukanawapititsa, mwana iwe, ndi nzeru zako za kusukuluzo." Anamanga thumba lawo pa njinga, kenako anawonjeza osandiyang'ana. "Tsiku lometa lija, pamene anafunsa za mpira, ukuyesa ndinakwiya? Ndinaona munthu akufunsa, woyankha palibe. Ndinapita kuseri kuti anthu asandione nkhope."

Ndinati ndinkayesa mafunso a ababa amawanyansa.

"Amandinyansa mpaka lero. Koma mlongo wanga ankawakonda. Iwe ukuyesa amako sankadziwa kuti namgumi amayamwitsa? Amako m'kalasi ankatiposa tonse, anangowasiyitsa sukulu kuti azilera ang'ono awo. Zija za dzuwa anandifotokozera ndi iwowo, abambo ako asanabwere n'komwe pamudzi pano. Ankati munthu uyu alibe munda wake, alibe mbumba yake, chake n'chimene chili m'mutumo. Ukamuyankha bwino wamulanda."

Anakwera njinga n'kumapita kudambo. Ine ndinatsala chogwada pafumbi, ndikukumbukira mayankho anga onse olondola ndi achangu aja, ndi nkhope ya ababa ikugwa pang'ono. Ndinalira kuposa mmene ndinalirira pamaliro, ndipo azakhali anayesa ndi chimwemwe.

Madzulo ndinavuula wailesi m'thumba la chimanga, ndinaipukuta gaga n'kuibweza. Ababa anailandira. Anaitsegula, kunali nyimbo, anaitsitsa, anaikweza, anaitsitsanso. Pamkeka pamene amayi ankakhala panalibe munthu, ndipo ndinaona kuti akafuna kulankhula mutu wawo unkatembenukira komweko.

M'mawa wa kabaza anafika molawirira monga ndinamuuzira, chifukwa ndinkafuna kupeza minibasi yoyamba. Ndinali nditakhala kale pa kaliyala, chikwama pamiyendo, pamene ababa anatuluka ndi wailesi pachifuwa. Anaima pakhonde akuzengereza, ngati munthu wopempha mchere kwa mnansi amene anakangana naye.

"Mayi, kodi lero ndikhoza kufunsa?"

"Funsani, ababa."

"Namgumi. Ndi nsomba kapena nyama?"

Phunziro limeneli ndimaphunzitsa chaka ndi chaka, ndimajambula ndi chithunzi chomwe pabolodi. Yankho linafika pa lilime lokha, lachangu monga kale. Ndinalimeza.

"Nsomba," ndinatero. "Nanga si amakhala m'madzi."

Ababa anandiyang'ana. Akudziwa bwino kuti ndine mphunzitsi, anandilipirira okha sukulu ndi nandolo. Ndinayesa alira. Koma anaika wailesi pansi, anatsika pakhonde n'kukweza manja.

"Walakwa, mayi. Amayamwitsa ameneyo."

Wa kabaza analiza belu, akuti minibasi itisiya. Ndinatsika pa njinga n'kumuuza kuti apite, adzanditenge masana. Ndinakatenga lichero la nandolo limene linali pakhitchini, ndinayala mkeka wa amayi, n'kukhala pansi. Ababa anali atayamba kale kuzungulira bwalo.